Ulendo wokaona chingalawa cha Nowa ku Kentucky: kogona, zokaona ndi zoyankha ana

Funso: Timakhala ku South Bend, ku Indiana. Sukulu zikatsekera tikufuna kupita ndi ana athu atatu, wazaka 6, wazaka 10 ndi wazaka 14, kukaona chingalawa cha Nowa chimene anamanga ku Kentucky. Apongozi anga abwera kuchokera ku Ntcheu ndipo tipita nawo, koma maondo amawavuta. Ndalama za hotela zatichepera, ndiye tikuganiza zokagona m'matenti ngakhale sitinayesepo. Bambo a kunyumba akuda nkhawa kuti mwana wamkuluyo akasokonezeka, poti zimene amaphunzira kusukulu pa sayansi zikusiyana ndi zimene amanena kumeneko. Tipite kodi? Nanga tikonzekere bwanji?

Yankho: Mayi, pitani ndithu. Ana sadzauiwala ulendowu, ndipo apongozi anu akabwerera ku Ntcheu adzakhala ndi nkhani yosimba chaka chonse. Pempho langa ndi limodzi: munyamule Baibulo, ndipo ana akadziwe asanalowe kuti m'chingalawamo muli zinthu zitatu zosakanikirana. Muli zimene Genesis imanena, muli zimene amisiri anangoganizira kuti nkhaniyo ioneke ndi maso, ndiponso muli chiphunzitso cha eni malowo pa zaka za dziko lapansi. Mwana amene angathe kusiyanitsa zitatuzi sangasokonezeke. Nkhawa ya bambo a kunyumba ndi yomveka, ndipo ndiikambapo mwatsatanetsatane, koma tiyambe ndi malowo ndi kogona.

Malowa amatchedwa Ark Encounter. Ali m'tauni yaing'ono ya Williamstown, m'mphepete mwa msewu waukulu wa I-75, pakati pa mizinda ya Cincinnati ndi Lexington. Anatsegulidwa pa 7 July 2016, tsiku limene analisankha dala kuti ligwirizane ndi Genesis 7:7, vesi imene imanena za Nowa ndi banja lake akulowa m'chingalawa. Eni ake ndi bungwe la Answers in Genesis, limene anayambitsa Ken Ham ndi anzake. Bamboyu ndi mbadwa ya ku Australia ndipo kale anali mphunzitsi wa sayansi kusekondale. Chingalawacho ndi cha matabwa, chotalika mamita 155, m'lifupi mamita 26, ndipo kupita m'mwamba mamita pafupifupi 16. Ngati apongozi anu anaionapo Ilala ku Monkey Bay, auzeni kuti atenge sitima zitatu zotero azindandalike, ndiye utali wake umenewo. Ntchito yaikulu yolumikiza mitengo inagwiridwa ndi amisiri a chi Amish, omwewo amene mumawaona ndi ngolo zawo zamahatchi cha ku Shipshewana ndi Nappanee, ndipo ndalama zonse zinapitirira madola 100 miliyoni.

Kuchokera ku South Bend mutsika ndi US-31 mpaka Indianapolis, kenako I-74 kulunjika ku Cincinnati, n'kukhotera kum'mwera. Ndi ulendo wa maola pafupifupi asanu osawerengera kupuma, ndipo ndi gogo wa maondo komanso mwana wazaka 6 mupumira kawiri kapena katatu. Nyamukani m'mamawa kuti mukamange matenti dzuwa likadalipo. Munthu amene sanamangepo tenti asakayambire mumdima, ana ali ndi njala. Ine ndikadakonza masiku anayi ndi mausiku atatu: tsiku loyamba la ulendo ndi kumanga, lachiwiri la chingalawa, lachitatu lopumula pakampu, lachinayi lobwerera. Pewani kumapeto kwa sabata ya maholide a ku America a Memorial Day, 4 July ndi Labor Day, chifukwa makampu amadzaza miyezi isanakwane ndipo mizere ku chingalawa imatalika. Pakati pa sabata ndi pabwino kuposa Loweruka.

Pa kogona, ndikukulangizani paki ya boma la Kentucky yotchedwa Big Bone Lick State Historic Site, kufupi ndi tauni ya Union. Kuchokera pamenepo kupita ku chingalawa ndi ulendo woposa theka la ola pang'ono. Kampu yake ili ndi malo okhala ndi magetsi ndi madzi, nyumba ya mabafa ndi zimbudzi, posewerera ana ndi dziwe losambiramo m'chilimwe. M'pakimo amasunganso njati za ku America zotchedwa bison, zimene ana angakazione poyenda wapansi pang'ono. Pali chifukwa china chachikulu chimene ndasankhira malo amenewa, ndichitchula tikafika pa nkhani ya mwana wamkulu. Kukadzaza kumeneko, yesani Kincaid Lake State Park kufupi ndi Falmouth, komwe kuli nyanja yaing'ono yowedzamo nsomba, kapena General Butler State Resort Park ku Carrollton, ngakhale kumeneko n'kotalikirapo. Malo amasungitsa pa intaneti, pa tsamba la mapaki a boma la Kentucky. Pamapu a kampu sankhani malo a pafupi ndi mabafa chifukwa cha agogo, ndipo muonetsetse chiwerengero cha anthu ndi matenti amene amaloledwa pamalo amodzi, poti inu mulipo asanu ndi mmodzi.

Mufunika matenti awiri. Pa ulemu wathu apongozi sangagone tenti imodzi ndi inu ndi mwana wawo, ndipo mwana wazaka 14 nayenso wakula. Agogo agone ndi adzukulu, kapena mugawane amuna kwaokha, akazi kwaokha, malinga ndi mmene ana anu alili. Pa bokosi la tenti pakalembedwa kuti ya anthu anayi, dziwani kuti ndi anayi ogona mothinana opanda katundu. Atatu ndiye amakhala bwino. Agogo apezereni bedi lopinda. Kudzuka pansi usiku ndi maondo opweteka ndi chinthu chimene chingawaipitsire ulendo wonse, ndipo mwina sanganene poopa kukuvutitsani. Inu ndi ana matiresi opopa akukwanirani.

Ndikuchenjezeni za ndalama: mukagula zonse zatsopano, matenti, matiresi, sitovu, mipando, tochi ndi cooler box, mupeza kuti mwawononga zofanana ndi za hotela. Bwerekani kwa anzanu a kutchalitchi kapena a kuntchito, anthu ambiri kuno ali ndi katundu wotere amene amangokhala m'galaja. Mukabwereka, imangeni tentiyo kuseri kwa nyumba sabata imodzi ulendo usanachitike, muone ngati mitengo yake ndi zikhomo zonse zilipo, ndipo ana agonemo usiku umodzi. Muone makamaka chinsalu chapamwamba chotchinga mvula, chifukwa tenti yopanda chinsalu chimenecho mvula ikagwa imadontha paliponse.

Nyengo ya June ndi July ku Kentucky ndi yotentha ndi yachinyontho, thukuta silimauma. Mukapeza malo a magetsi nyamulani fani ndi chingwe chachitali. Mvula ya mabingu imabwera mwadzidzidzi, makamaka chakumadzulo. Mukamva bingu, aliyense atuluke m'tenti alowe m'galimoto kapena m'nyumba ya mabafa, chifukwa tenti siteteza ku mphenzi. Ndipo ichi chokha mundimvere ngakhale mutaiwala zina zonse: musalowetse mbaula, makala oyaka kapena sitovu ya gasi m'tenti, kaya kunja kukugwa mvula, kaya agogo akuti akumva kuzizira. Mpweya wa makala sununkha, munthu amangomva tulo ndi mutu, osadzukanso. Tonse tinamvapo za mabanja amene anagona ndi mbaula m'nyumba yotseka m'miyezi yozizira kwathu. M'tenti ngoziyo ndi yomweyo.

Nsima iphikika bwinobwino pa sitovu ya gasi ya mafuwa awiri, bola muitchingire mphepo. Tengani ufa woyera, poto wanu wozolowera, mthiko ndi chipande. Ndiwo za nyama ndi nyemba phikiranitu kunyumba, muziumitse mufiriji, n'kuziika mu cooler box zili gwa. Zidzathandiza kuziziritsa zakudya zina ndipo zidzasungunuka pang'onopang'ono. Nkhuni musatenge za ku Indiana. Mapaki a ku Kentucky amaletsa nkhuni zochokera kunja kwa chigawocho pofuna kupewa tizilombo toononga mitengo, monga kafumbwe wobiriwira wotchedwa emerald ash borer amene wapha mitengo yambirimbiri, gulani zapomwepo. Mukatha kudya, nkhoko ndi zotsala zonse zipite ku bini, ndipo chakudya chigone m'galimoto. Tinyama ta kutchire totchedwa raccoon timatsegula cooler box ndi timanja tawo ndipo timabwera usiku uliwonse. Za udzudzu mukuzidziwa, koma chimene alendo amachipeputsa ndi nkhupakupa. Ana akasewera m'maudzu, madzulo muwaone kuseri kwa makutu, m'khwapa, m'chiuno ndi kuseri kwa maondo. Mukaipeza, igwireni ndi kachitsulo kozulira pafupi ndi khungu penipeni n'kuikoka molunjika, osaitentha kapena kuipaka mafuta. Aonetseninso chithunzi cha poison ivy, chomera cha masamba atatuatatu chimene chimatulutsa matuza oyabwa. Agogo amene azolowera kuthyola masamba kuthengo awuzeni kuti kuno asakhudze chomera chimene sakuchidziwa.

Tsopano tsiku la chingalawa. Matikiti gulanitu pa intaneti. Si otchipa, ndipo malo oimika galimoto amalipiritsa padera. Okalamba amalipira zotsikirapo, ndipo kwa zaka zingapo eni ake akhala akulowetsa ulere ana azaka 10 kutsika pansi akabwera ndi wamkulu wolipira. Muone pa tsamba lawo zimenezi pamodzi ndi masiku ndi nthawi yotsegulira. Galimoto mumaisiya kutali, basi yawo ndi imene imakutengani kukakutulani pafupi ndi chingalawa. Choncho chilichonse chimene mungachifune masana, madzi, mankhwala a agogo, chipewa, chikhale m'chikwama chapamsana. Fikani akamatsegula. M'kati muli nsanjika zitatu zolumikizidwa ndi njira zokwera pang'onopang'ono zopanda masitepe, koma n'zazitali, ndipo munthu amayenda kwambiri osazindikira. Kumbuyo kwa chingalawa kuli zikepe ndi zimbudzi. Amabwereketsanso njinga za olumala ndi timagalimoto tamagetsi. Agogo akhoza kukana ponena kuti iwo sakudwala. Anyengerereni, chifukwa akatopa pa nsanjika yoyamba ndiye kuti zina zonse aziona ali ndi ululu.

Pa nsanjika yoyamba pali kamdima, phokoso la chimphepo ndi kulira kwa nyama, mizere ya makola a matabwa ndi mitsuko yadothi ya madzi ndi chakudya, komanso ziboliboli za Nowa ndi banja lake akupemphera. Nyama za m'makolamo ndi zosema. Zamoyo zili panja, ku malo otchedwa Ararat Ridge Zoo. Mwana wanu wazaka 6 mumugwire dzanja apa, ena amachita mantha ndi phokosolo. Pa nsanjika yachiwiri pali gawo losonyeza kuipa kwa anthu chigumula chisanadze, ndipo muli zithunzi ndi tiziboliboli ta chiwawa, anthu akuphana m'bwalo ndiponso ana akuperekedwa nsembe kwa fano. Mmodzi wa inu alambalale gawo limenelo ndi wamng'onoyo, winayo alowe ndi akuluakuluwo. Pa nsanjika yomweyo pali chitseko chachikulu chimene mabanja ambiri amajambulitsapo. Imani pamenepo muwerenge Genesis 7:16, pamene pamati Yehova anamutsekera Nowa chitseko. Pa nsanjika yachitatu pali zipinda zogona za mabanja anayiwo, la Nowa ndi a ana ake atatu, khitchini, dimba laling'ono la ndiwo zamasamba, ndi zikwangwani zambiri zofotokoza miyala, nyengo ya madzi oundana ndi nsanja ya Babele. Potuluka mumadutsa m'sitolo ya zikumbutso, ndiye mugwirizane ndi ana za ndalama musanafike. Chakudya chamasana chilipo pa lesitilanti yaikulu yotchedwa Emzara's, komwe munthu amadzitengera yekha.

Dzina la lesitilantiyo ndi poyambira pabwino pophunzitsa ana kusiyanitsa. Emzara ndi dzina limene anamupatsa mkazi wa Nowa, koma mu Genesis mulibe dzina lake. Linachokera m'buku lakale la Chiyuda lotchedwa Jubilees. Akazi a Semu, Hamu ndi Yafeti nawonso anawapatsa mayina, nkhope ndi luso la aliyense, pamene Baibulo limangoti akazi a ana ake. Kutsogolo ndi kumbuyo kwa chingalawacho kuli maonekedwe okongola, mbali ina yotukuka ngati chipsepse chokola mphepo, zimene ndi nzeru za wokonza mapulani, si za m'Malemba. Ngakhale utali womwewo unadalira chosankha cha anthu. Genesis 6:15 imati mikono 300 m'litali, 50 m'lifupi ndi 30 msinkhu wake, koma sinena kuti mkonowo unali wotalika bwanji. Anthu akale anali ndi mkono waufupi wa masentimita pafupifupi 45 ndi wina wautali. Omanga anasankha wa masentimita pafupifupi 52. Akadatenga waufupiwo chingalawa chikadakhala cha mamita 135. Eni malowo sabisa zimenezi, zikwangwani zina zimanena poyera kuti apa tangoganizira. Koma mwana amakhulupirira chimene waona ndi maso kuposa chimene chalembedwa pa chikwangwani, ndipo pakatha zaka adzalumbira kuti Baibulo limatchula dzina la mkazi wa Nowa.

N'chifukwa chake ndikuti usiku woyamba pakampu, mutazungulira moto, muwerenge Genesis 6 ndi 7. M'mawa mwake mupatse mwana wazaka 10 kabuku ndi pensulo, ntchito yake ikhale yolemba mbali imodzi zimene waziona zomwe munawerenga, mbali ina zimene mulibe m'Baibulo. Ana amsinkhu umenewo amaikonda ntchito yotere. Adzapeza nsanjika zitatu ndi chitseko cha m'mbali, zimene zili pa 6:16. Adzapeza anthu asanu ndi atatu. Mwina adzazindikira yekha kuti nyama zodyedwa zinalowa zisanu ndi ziwirizisanu ndi ziwiri, monga pa 7:2, osati ziwiriziwiri zokha monga timaimbira ku Sande sukulu. Usiku wachiwiri muwerenge chaputala 8 ndi 9, za khwangwala, nkhunda, tsamba la azitona ndi utawaleza, ndipo agogo awerengeko m'Chichewa kuti adzukulu amve nkhaniyi m'chinenero cha kwawo. Mukafuna kuimba nyimbo imbani, kungoti makampu amakhala ndi nthawi yoti phokoso lithe, ndipo imalembedwa polowera.

Chinthu chachitatu chija, chiphunzitso cha eni malowo, ndi chimene chikuwadetsa nkhawa bambo. Answers in Genesis imaphunzitsa kuti dziko linalengedwa m'masiku asanu ndi limodzi a maola 24, zaka pafupifupi 6,000 zapitazo. Kuti chigumula chinamiza dziko lonse zaka zoposa 4,300 zapitazo ndipo ndicho chinayala miyala yambiri yokhala ndi mafupa akale. Kuti Nowa sanatenge mtundu uliwonse wa nyama zimene tikuziona lero koma makolo ake a mitundu ikuluikulu pafupifupi 1,400, nyama zosakwana 7,000 zonse pamodzi. Ndiponso kuti ma dinosaur ang'onoang'ono analowa nawo. M'makola ena mudzawaonadi ma dinosaur. Kusukulu mwana wanu amaphunzira kuti dziko lili ndi zaka pafupifupi 4.5 biliyoni ndipo ma dinosaur anatha zaka 66 miliyoni zapitazo, munthu asanakhaleko. Ziwirizi sizingakhale zoona zonse, ndipo mwana wazaka 14 adzaona zimenezi msanga. Musamuuze kuti palibe kusiyana.

Mumuuze zoona zake motere. Asayansi pafupifupi onse ofufuza za miyala, za nyenyezi ndi za zamoyo, okhulupirira Mulungu ndi osakhulupirira omwe, amagwirizana kuti dziko ndi lakale kwambiri, ndipo amafika pa mfundoyi kudzera m'njira zosiyana zimene zimapereka yankho lofanana. Chiwerengero cha zaka 6,000 sichinalembedwe pa vesi iliyonse. Chinapezeka powonkhetsa zaka za mibadwo ya mu Genesis, ndipo amene amadziwika kwambiri pa ntchitoyi ndi bishopu wa ku Ireland James Ussher, amene m'chaka cha 1650 anawerengera kuti chilengedwe chinachitika mu 4004 Yesu asanabadwe. Maganizo akuti chigumula ndicho chimafotokoza miyala ndi mafupa anafala kwambiri m'matchalitchi a ku America kuyambira 1961, pamene John Whitcomb ndi Henry Morris anatulutsa buku lawo lotchedwa The Genesis Flood. Whitcomb ankaphunzitsa ku Winona Lake, ku Indiana konkuno, mtunda woyenda ola limodzi lokha pagalimoto kuchokera kwanuko. Akhristu ena ambiri, okonda Baibulo chimodzimodzi, amawerenga machaputala oyamba a Genesis mwa njira ina. Augustine, bishopu wa kumpoto kwa Africa amene anamwalira mu 430, sankaona masiku a chilengedwe ngati masiku athuwa. Wansembe wa Katolika wa ku Belgium, Georges Lemaître, ndi amene mu 1927 anafotokoza kuti thambo likufutukuka, maganizo amene pambuyo pake anadzakhala maziko a chiphunzitso chotchedwa Big Bang.

Sindikudziwitsani zimenezi kuti musinthe chiphunzitso cha mpingo wanu. Ngati inu ndi bambo mumakhulupirira masiku asanu ndi limodzi enieni, muuzeni mwanayo momveka, ndi zifukwa zanu. Chimene ndikukupemphani ndi chakuti musamangirire chikhulupiriro chake mwa Khristu pa nambala imeneyi. Ndaonapo achinyamata amene anauzidwa kuti akavomereza zaka mamiliyoni ndiye kuti akana Mulungu. Atafika kukoleji n'kuona umboni wa miyala ndi maso awo, anaganiza kuti palibenso chowasungira m'tchalitchi, ndipo anachoka. Zimandipweteka chifukwa palibe amene ankayenera kuwaika pa mphambano yotero. Ken Ham mwiniwake amanena kawirikawiri kuti munthu sapulumuka chifukwa chokhulupirira dziko la zaka 6,000 koma chifukwa cha Khristu, ngakhale amaumirira kuti nkhaniyi ikukhudza ulamuliro wa Baibulo. Mwana wanu akuyenera kumva mbali yoyambayo kuchokera kwa makolo ake.

Apa ndi pamene Big Bone Lick ikuthandizeni. Pamalopa pali akasupe a madzi amchere onunkha sulufule, ndipo kalekale nyama zinkabwera kudzanyambita mcherewo, zina n'kutitimira m'matope. M'nthakamo munapezeka mafupa a mammoth ndi mastodon, zinyama zonga njovu, ndi a zinyama zina zimene zinatha. M'chaka cha 1807 pulezidenti Thomas Jefferson anatuma William Clark kukakumba pamenepa, ndipo Clark anamutumizira mafupa oposa 300. Pali nyumba yaing'ono yoonetsera zakale yokhala ndi mano ndi mafupa enieni, ndipo panja pali ziboliboli za nyamazo zitatitimira. Zikwangwani za pano zimati nyamazi zinkakhala kuno zaka zoposa 10,000 zapitazo. Dzulo lake, pa nsanjika yachitatu ya chingalawa, mwanayo adzakhala atawerenga kuti nyengo ya madzi oundana inabwera chigumula chitatha, zaka zikwi zinayi zokha zapitazo. Nyama zomwezo, madeti awiri, m'masiku awiri otsatizana. Bambo ake ayende naye awiriwiri m'kanjira kopita ku akasupewo, amufunse kuti mbali iliyonse ikudziwa bwanji zimene ikunena. Wina akuyeza chiyani? Wina akuyambira pati? Amulole afunse woyang'anira paki mmene amapezera zaka za fupa. Akafunsa funso limene bambo alibe yankho lake, angonena kuti tikafufuze limodzi tikafika kunyumba. Mwana wamsinkhu umenewu amafuna kuona ngati bambo ake akuopa funsolo kapena ayi.

Mumuuzenso kuti nkhani ya mafupa akale si ya azungu okha. Ku Karonga, m'nyumba yosungira zachikhalidwe ndi zakale, muli chigoba cha dinosaur wotchedwa Malawisaurus, dzina limene anapatsidwa mu 1993, ndipo mafupa ake anakumbidwa m'boma lomwelo. Mmodzi mwa akatswiri amene anawafufuza mozama ndi mayi wa Chimalawi, Dr Elizabeth Gomani-Chindebvu, amenenso anatcha dzina dinosaur wina, Karongasaurus, mu 2005. Mukadzapita kumudzi ndi ana, ulendo wa ku Karonga udzakhale pa ndandanda.

Mudzamvanso za Creation Museum, ya eni ake omwewo, imene inatsegulidwa mu May 2007 ku Petersburg, kufupi ndi bwalo la ndege la Cincinnati, ulendo wa mphindi pafupifupi 45 kuchokera ku chingalawa. Ndi kumene Ken Ham anachitira mtsutso wotchuka ndi Bill Nye, wophunzitsa sayansi pa TV, mu February 2014. Kuli minda yokongola ya maluwa, chipinda choonetsera nyenyezi ndi chigoba cha dinosaur wotchedwa Allosaurus. Amagulitsa tikiti yophatikiza malo onse awiri. Musayese kuona konse tsiku limodzi. Kwa banja lanu, ndi ndalama zochepa, gogo wa maondo ndi mwana wamng'ono, ine ndikadasiya kumeneko ulendo uno. Zambiri za kumeneko ndi zowerenga, ndipo mfundo zake ndi zomwe mudzakhala mutaziona kale m'chingalawa. Ngati mwana wamkuluyo atachita chidwi n'kupempha yekha, malowa ali m'mphepete mwa I-275, panjira yanu yobwerera ku Indiana, ndiye mukhoza kuimapo maola awiri kapena atatu tsiku lomaliza.

Tsiku lobwerera dzukani msanga, chifukwa kupasula kumatenga nthawi yaitali kuposa mmene munthu amaganizira, ndipo kampu imakhala ndi ola loti mukhale mutachoka. Zimitsani moto ndi madzi mpaka phulusa lizizire, tolani zinyalala zonse, ndipo zikhomo za tenti muziwerenge. M'mawa matenti amakhala onyowa ndi mame. Mukawapinda choncho, mukafika ku South Bend muwayanike tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, apo ayi achita nkhungu ndipo mudzachita manyazi powabweza kwa eni ake. Kwa masabata angapo otsatira muziona khungu la ana ndi la agogo. Wina akatuluka chibanga chofiira chomakula, kapena akayamba kutentha thupi ndi kuphwanya m'mfundo, pitani naye kuchipatala ndipo muwauze adokotala kuti munagona kutchire ku Kentucky.